Akasupe a madzi otentha a mumsewu wa 395 ku California: momwe mungayendere pa RV osagwira fuwa la moto

Pa foni zimaoneka bwino kwambiri. Kadziwe kofuka nthunzi, kumbuyo kuli mapiri a Sierra Nevada atayera ndi chipale chofewa, m'madzimo muli munthu m'modzi yekha. Ambiri amene amabwereka RV, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati mwake, n'kulunjika kum'mawa kwa California, amakhala akulondola chithunzi chimenechi. Zomwe amakapeza zimakhala zina. Msewu wa fumbi wagwedeza galimoto mpaka mbale zatuluka m'kabati, poimika magalimoto palibe potembenukira, ndipo m'kadziwe kokwana anthu asanu mwathithikana khumi ndi awiri, wina akuliza nyimbo, wina ali chibadwire. Madzi ake ndi ofunda chabe, pansi pali matope oterera, fungo ngati la dzira lowola.

Zokhumudwitsa zambiri pa ulendo wotere zimachokera pa zinthu zitatu: galimoto yakulira msewu, mwafika pa nthawi yolakwika, kapena mwasankha kasupe amene sakugwirizana ndi zomwe mumafuna. Zonsezi zimakonzeka injini isanalire.

Yambani ndi kuidziwa galimoto

Tsiku lotenga galimoto, lembani manambala atatu pa kapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero: kutalika kwake, msinkhu wake kuchokera pansi mpaka pamwamba pa makina oziziritsira mpweya amene amakhala padenga, ndi kulemera kwake. RV zobwereka zofala kwambiri ndi za mtundu wa Class C, zija zokhala ndi bedi pamwamba pa mutu wa dalaivala. Zimatalika mamita 7 mpaka 9, ndipo msinkhu wake umafika pafupifupi mamita 3.5. Zikwangwani za ku America zimalemba mafiti, choncho lembani manambalawo m'mafiti momwemo, musamachite masamu mlatho uli patsogolo panu.

Kenako gwadani muyang'ane pansi pa galimoto, makamaka kumbuyo. Thupi la Class C limapitirira matayala akumbuyo ndi mamita awiri kapena kuposa, ndipo chakumeneko ndi kumene kumalendewera mapaipi otulutsira madzi akuda. Galimoto ikalowa m'chidikha n'kuyamba kukwera, mchirawo umakhula pansi, ndipo choyamba kuthyoka ndi mapaipi amenewa. Chimene chimatuluka akathyoka sichifuna kufotokoza.

Werenganinso pangano lobwerekera, gawo lonena za misewu. Makampani ambiri amaletsa kuyenda m'misewu yopanda tala, ndipo inshuwalansi imaleka kugwira ntchito mukangotero. Akasupe ambiri aulere a m'derali ali kumapeto kwa misewu ya fumbi. Ndiye funsani musanasaine, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ngati aletsa, musaumirire. Imikani galimoto pamalo ololedwa, mtunda wotsalawo muyende pansi kapena pa njinga yakapalasa. Iyi ndiyo njira yabwino ngakhale kwa mwini galimoto.

Sankhani kasupe poyang'ana msewu wake

Msewu wa US 395 umadutsa m'munsi mwa Sierra Nevada cha kum'mawa. Kuchokera ku Los Angeles kufika ku Bishop ndi makilomita pafupifupi 430. Kuchoka ku Bishop kukafika ku Mammoth Lakes ndi pafupifupi 70, ndipo kuchoka apo kukafika ku Bridgeport ndi ena pafupifupi 90. Akasupe ambiri ali pafupi ndi Mammoth Lakes, m'chigwa cha Long Valley, chomwe ndi chidzenje chachikulu chimene chinapangika phiri la moto litaphulika zaka pafupifupi 760,000 zapitazo. Miyala ya pansi pake ikadali yotentha. Madzi a chipale chosungunuka amalowa pansi, amatenthedwa, n'kutulukira m'ming'alu. Amene anaonapo madzi a ku Mawira ku Nkhotakota akudziwa momwe zimaonekera, kungoti kuno n'kumtunda kwa mamita oposa 2,000 ndipo mphepo yake imaluma.

Akasupewa ali m'magulu awiri: olipira ndi aulere.

Kwa munthu wa RV, makamaka wa ulendo woyamba kapena wokhala ndi ana, olipira ndiwo oyamba kuwaganizira. Keough's Hot Springs, makilomita pafupifupi 12 kum'mwera kwa Bishop, anatsegulidwa mu 1919. Pali dziwe lalikulu losambiramo, lina laling'ono lotentha kwambiri, ndi malo oimika RV. Msewu wake ndi wa tala. Ku Benton Hot Springs, mumsewu wa 120 pafupi ndi malire a Nevada, malo ogonapo aliwonse ali ndi bafa lakelake la madzi a kasupe, moti mumaimika galimoto n'kusamba pambali pake popanda wokusokonezani. Malowo ndi ochepa, sungitsani nthawi ikadalipo. Konseku imbani foni musananyamuke, mufunse masiku amene amatseka kuti atsuke maiwe ndiponso kutalika kwa galimoto kumene amalandira. Ena amawanyoza malo olipirawa kuti si a kutchire kwenikweni. N'zoona, koma madzi ake ndi a kasupe ndithu, ndipo mutuluka muli oyera.

Aulere aliyense ali ndi khalidwe lake.

Wild Willy's ndi wodziwika kuposa onse. Mumachoka mu 395 n'kulowa mu Benton Crossing Road, pamphambano pamene pali katchalitchi kobiriwira. Mukayenda makilomita pafupifupi 5 pa tala mumakhotera kumanja kulowa mu msewu wa fumbi wa makilomita awiri ndi pang'ono, kenako n'kuyenda pansi pa kanjira ka matabwa mamita pafupifupi 400. Maiwe ake ndi aakuluko koma osaya, ndipo madzi a dziwe lalikulu amakhala ofunda kuposa kutentha. Amene amayembekezera madzi otulutsa thukuta amakhumudwa pano, makamaka mphepo ikamawomba.

Crab Cooker, Hilltop ndi Shepherd, onse m'chigwa chomwecho, ndi mabafa ang'onoang'ono a simenti amene amalandira madzi kudzera mu paipi. Mumalowa anthu anayi, asanu, mwina asanu ndi m'modzi mothithikana. Ena ali ndi mpope wotsegula ndi kutseka madzi otentha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Wosamba usiku akasiya mpope uli chitsegulire, m'mawa mupeza madzi osalowetseka ngakhale chala, ndipo kuti azizire pamatenga maola. Akautseka kotheratu, mupeza madzi ozizira okhala ndi ndere. Msewu wopita ku Crab Cooker ndi wa maenje ndi miyala, si wa RV.

Travertine Hot Springs ali kum'mwera kwa Bridgeport pang'ono, kudzera mu Jack Sawyer Road, kilomita imodzi ndi theka ya fumbi. Madzi amatsetsereka m'kangalande ka pamwamba pa mwala n'kugwera m'timaiwe totsatizana. Kadziwe koyamba kulandira madzi ndiko kotentha, totsatirato timazizira motsatana. Pansi pake pali matope otuwa, ndipo anthu akachuluka madzi amasanduka ngati phala. Malowa ndi ofunika kwa anthu a mtundu wa Paiute, eni dera, choncho musakwere pamwamba pa mwalawo kapena kusemapo dzina.

Buckeye, chakumadzulo kwa Bridgeport, ali m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Buckeye Creek, ndipo potsika pake ndi potsetsereka kwambiri. Chipale chikamasungunuka m'mapiri, cha m'ma May ndi June, mtsinje umadzaza n'kumiza maiwewo. Mukhoza kuvutika ndi msewu wonsewo n'kukapeza madzi ozizira ngati a m'firiji akuthamanga pamene panali bafa.

Hot Creek ndi nkhani ina. Ndiwo malo okongola kuposa onse, madzi ake obiriwira ngati ojambula, ndipo mabuku akale a apaulendo amawatchulabe ngati osambirako. Kusamba kumeneko kunaletsedwa mu 2006. Madzi owira amatumphuka mwadzidzidzi pansi pa mtsinje, ndipo anthu oposa khumi anafera pamenepo chiyambire m'ma 1960. Pitani mukaone, mujambule, koma thawulo musiye m'galimoto ndipo musadumphe mpanda.

Mwezi, tsiku ndi ola

Miyezi yabwino ndi September ndi October. Misewu imakhala youma, udzudzu watha, ndipo mpweya wazizira mokwanira kuti madzi otentha akome. Mu July ndi August dzuwa limaswa mtengo, pamalowa palibe mthunzi ngakhale umodzi, ndipo kukhala m'madzi a madigiri 40 masana ndi chilango. Kumayambiriro kwa chilimwe cha kumeneko madambo ozungulira akasupe amadzala udzudzu. M'nyengo yozizira misewu ya fumbi imakwiririka ndi chipale, apolisi amalamula kumanga matcheni ku matayala mu 395, ndipo RV zina zobwereka zimaperekedwa zitakhutulidwa madzi onse m'mapaipi, kutanthauza kuti shawa ndi sinki sizigwira ntchito. Chipale chikangosungunuka, cha mu April, fumbi lija limasanduka thope lomata, ndipo kukoka RV yotitimira kutali ndi tala kumadya ndalama zambiri.

Pitani pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi. Fikani dzuwa lisanatuluke. Imeneyi ndiyo nthawi yokhayo imene chithunzi cha pa foni chija chimafanana ndi zoona: mpweya uli zii, nthunzi ikukwera molunjika, madzi adikha usiku wonse moti pansi pakuoneka. Pofika 9 koloko magalimoto amakhala atayamba kufika. Madzulo dzuwa likamalowa ndi pamene pamadzaza kwambiri, ndipo Loweruka usiku pamasanduka malo a phwando. Pewaninso masabata a tchuthi cha dziko lonse: kumapeto kwa May, pa 4 July ndi kumayambiriro kwa September.

Dziwiranitu kuti pa akasupe aulere ambiri amasamba osavala, ndipo kumeneko sizidabwitsa munthu. Ngati muli ndi ana kapena makolo, m'modzi atsogole akaone zilili, ena adikire kaye.

Kuyendetsa m'mapiri ndi m'fumbi

Ngati mukuchokera kumadzulo, cha ku San Francisco, musangotsata zomwe foni yanena. Msewu wa 120 wodutsa m'paki ya Yosemite umakwera mpaka mamita 3,031 pa Tioga Pass, ndipo umatsekedwa nyengo yonse yozizira, nthawi zambiri mpaka kumapeto kwa May kapena mu June. Msewu wa 108 pa Sonora Pass uli ndi zitunda zofika 26 peresenti ndi makona okhota ngati chigongono. Zikwangwani zimachenjeza magalimoto aatali kuti asadutseko, ndipo muzimvere. Ndi bwino kulowa mu 395 kuchokera kumpoto cha ku Reno kapena kum'mwera cha ku Mojave.

Mu 395 momwemo muli zitunda ziwiri zofuna ulemu: Sherwin Grade kumpoto kwa Bishop, ndi Conway Summit, mamita pafupifupi 2,480, pakati pa Lee Vining ndi Bridgeport. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Galimoto ikamakwera mwaulesi, sikuti yawonongeka. Khalani kumanja, ena akudutseni, maso pa geji ya kutentha kwa injini. Potsika ndiye pamene pali ngozi. Ikani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, kapena dinani batani la tow/haul ngati lilipo, kuti injini izigwira galimoto. Liwiro likakwera pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa, n'kuchotsapo phazi. Mukatsamiza phazi pa buleki njira yonse, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako amaleka kugwira. RV imamwa mafuta, malita 25 mpaka 30 pa makilomita 100, ndipo ku Lee Vining ndi ku Bridgeport mafuta ndi odula. Thirani ku Bishop kapena ku Nevada.

Ngati pangano likulola ndipo mwatsimikiza kulowa m'fumbi, chitani izi. Tsekani makabati onse ndi chitseko cha firiji, tsitsani chilichonse chimene chili pa tebulo, tsekani mazenera ndi zivundikiro za padenga kuti fumbi lisalowe. Msewu ukakhala wa mizeremizere ngati malata, yendani makilomita 10 mpaka 15 pa ola. Oyendetsa timagalimoto tating'ono amathamanga kuti tiziyandama pamwamba pa mizereyo, koma RV ikatero zomangira za makabati zimamasuka ndipo mapaipi a madzi amayamba kudontha m'malo olumikizira. Chofunika koposa: musalowe m'njira imene simunaone potembenukira. Imani pamphambano, tsikani, yendani pansi mukaone. Mphindi khumi zoyenda zimenezo n'zopepuka kuposa kubwerera chambuyo kilomita yonse pakati pa zitsamba. Musatuluke m'njira kuti mutembenukire pa udzu. Dothi loyera la m'madambowa limaoneka louma pamwamba koma pansi ndi lofewa. Mapu a derali muwasunge mu foni mukadali m'tauni, chifukwa netiweki imaduladula.

Mukafika pa madzi

M'kachikwama mukhale malita awiri a madzi akumwa pa munthu aliyense, masilipasi kapena nsapato zolowa nazo m'madzi, thawulo, chovala chofunda chovala mukatuluka, tochi, thumba la zinyalala, ndi kachipangizo koyezera kutentha, kaja ka kukhitchini kokhala ndi kansonga. Mabotolo a galasi asiyeni. Botolo likasweka m'dziwe la matope, zidutswa zake sizitoleka. Chotsani mphete ndi mikanda ya siliva, chifukwa sulufule wa m'madzimo amaidetsa m'mphindi zochepa.

Yezani madzi musanalowetse phazi, ndipo muyeze malo awiri, pamene madzi akulowera ndi kutali napo. Madigiri 37 mpaka 40 ndiwo oyenera. Kupitirira 41 musakhalitse. Madzi a madigiri 49 amawotcha khungu m'mphindi zochepa, a madigiri 60 m'masekondi ochepa, ndipo khungu la mwana limapsa msanga kuposa la wamkulu. Pamene madzi amatulukira pansi akhoza kukhala owira, ndipo pa mtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 93. Galu mumugwire ndi chingwe, iye sadziwa kusiyanitsa dziwe losambamo ndi kasupe wowira. Zomwe munawerenga za kutentha kwa dziwe lakutilakuti musazidalire kwambiri. Derali limachita zivomezi kawirikawiri, ming'alu ya pansi imasintha, ndipo kutentha kumasintha nayo.

Khalani m'madzi mphindi 15, tulukani, imwani madzi, mupume, kenako mubwereremo. Madzi otentha amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo mukaphatikiza ndi mpweya wopepuka wa kumtunda ndi mowa, munthu amatha kukomoka pongoimirira. Dzukani pang'onopang'ono. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima afunse dokotala asananyamuke.

Mutu usamire. Lamulo ili lilibe kukambirana, ndipo ana muwauze musanafike. M'madzi ofunda osathira mankhwala mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamene kamakula bwino mpaka pa madigiri 46. Kamalowa kudzera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Matendawa ndi osowa kwambiri, koma pafupifupi onse amene amawatenga amamwalira, ndipo mu 2018 mwana wina anamwalira nawo atasamba m'madzi a kasupe a m'dera lomweli. Choncho palibe kudumphira, palibe kuthirana madzi kumaso, palibe kuvundula matope a pansi. Wina akayamba kumva mutu kwambiri, kutentha thupi, kusanza kapena kuuma khosi m'masiku 12 otsatira, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze madokotala kuti anasamba pa kasupe wa madzi otentha. Amene ali ndi bala losapola asalowe.

Sopo ndi shampu zisalowe m'dziwe. Madziwo amatsikira m'madambo momwe mumamwa ng'ombe ndi nyama za kutchire. Musamwe madzi a kasupe kapena kuwathira mu thanki ya galimoto, chifukwa a m'chigwa cha Long Valley ali ndi chiphe chotchedwa aseniki. Mukapeza bafa laling'ono lili ndi anthu, perekani moni, funsani ngati muli malo, kapena dikirani chapatali. Pochoka, mpope wa madzi otentha muusiye ukutuluka pang'ono, kuti wobwera pambuyo panu apeze madzi olowetseka.

Kogona, matanki ndi chisanu

Si paliponse pooneka popanda mwini pamene mungagone. Malo a boma oyang'aniridwa ndi BLM kapena Forest Service, mabungwe a boma oyang'anira malo ndi nkhalango, amalola kugona kwaulere m'madera ena, nthawi zambiri mpaka masiku 14, ndipo muyenera kuimika pamene ena anaimikapo kale. Koma gawo lalikulu la zigwa za kuno ndi la bungwe la madzi ndi magetsi la mzinda wa Los Angeles, lomwe sililola kugona pa malo ake. Pafupi penipeni pa akasupe ngati Travertine kugona n'koletsedwanso. Lowani mu ofesi ya alendo ku Bishop kapena ku Mammoth Lakes mutenge mapu osonyeza malire. Ngati mudzayatsa moto kapena chitofu cha gasi panja, mufunika chilolezo cha California Campfire Permit, chomwe chimapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo m'miyezi youma moto wa nkhuni umaletsedwa kumene.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, ndipo ikapendama ikani matabwa pansi pa matayala. Firiji ya gasi ya mu RV imagwira ntchito ndi madzi a amoniya oyenda okha m'timapaipi, ndipo ikakhala yopendama kwa maola angapo imaleka kuzizira, mwinanso kuwonongekeratu. Chakudya ndi zinyalala zisagone panja, ku Mammoth Lakes zimbalangondo zimayendera misasa usiku.

Thanki ya madzi abwino ya Class C imatenga malita pafupifupi 150. Mukabwera ku kasupe aliyense adzafuna kutsuka matope ndi fungo, ndipo shawa yosiyidwa chitsegulire imatha malita 30 kapena kuposa pa munthu m'modzi. Nyowetsani thupi, tsekani, pakani sopo, tsegulani n'kutsukuluza. Madzi akuda amatayidwa pamalo okonzedwera ntchitoyo basi. Valani magolovesi, lumikizani paipi bwinobwino, tsegulani thanki ya kuchimbudzi poyamba, ikatha mutsegule ya madzi a m'sinki ndi m'shawa kuti atsuke paipiyo.

Ngakhale mu September, usiku m'chigwa cha Long Valley kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana. Nyengo ikalosera zotere, chotsani paipi ya madzi ya panja, yatsani chotenthetsera m'nyumba pa madigiri 10 mpaka 12, ndipo tsegulani zitseko za makabati a pansi pa sinki kuti mpweya wofunda ufike ku mapaipi. Chotenthetseracho chimayaka ndi gasi, koma fani yake imadya batire, moti batire imodzi ikhoza kutha kusanache. Lizani jenereta madzulo kuti idzaze, ndipo onetsetsani kuti alamu ya mpweya woipa ikugwira ntchito musanagone. Zovala zosambira ndi mathawulo muzitsukuluze ndi madzi abwino n'kuziyanika panja kapena m'chipinda cha shawa chivundikiro cha padenga chili chotsegula, apo ayi fungo la sulufule lilowerera m'makatani ndi m'matiresi mpaka tsiku lobweza galimoto.